Musanagule Lupanga, Funsani Chimene Gulu Likusowa

Adzukulu anga a kuno ku Chunga, ndi inu a ku George, ku Lilanda ndi ku Matero amene timakumana pa mpopi, ku tchalitchi ndi pa maliro, ndili ndi mawu pa nkhani ya masewera. Akuluakulu anzanga ena akaona achinyamata atazungulira tebulo, makhadi ali m'manja, amangogamula kuti ndi ulesi kapena njuga. Ine sindigwirizana nawo. Ndakulira pa nsolo, ndipo ndikudziwa kuti sewero labwino limaphunzitsa munthu kuwerengera patali, kudikira nthawi yake ndi kugonja osatukwana. Dziko lathu lino linabala Amon Simutowe, amene mu 2009 anafika pa ulemu wa grandmaster mu chess, woyamba kuchokera kuno kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, ndipo palibe amene anganene kuti mnyamata ameneyo ankataya nthawi. Choncho sewerani. Koma pali khalidwe lina limene ndaliona pa mtundu watsopano wa masewera, ndipo likundidetsa nkhawa chifukwa ndi lomwelo limene ndimaliona m'makomo mwathu mwayi ukagogoda.

Pa nsolo, pa bawo ya anzathu a ku Malawi, ngakhale pa drafuti ya zitsekerero za mabotolo imene madalaivala amasewera podikira mzere wawo pa siteshoni, pamakhala mbali ziwiri ndipo wina ayenera kudya mnzake. Masewera amene ndikunenawa ndi ena. Onse okhala patebulo ali mbali imodzi, ndipo mdani wawo ndi sewero lenilenilo, loyendetsedwa ndi malamulo ndi makhadi. Mukapambana mwapambana nonse, mukagwa mwagwa nonse. Lodziwika kwambiri ndi Pandemic la mu 2008, limene Matt Leacock anakonza kuti osewera azithandizana kugonjetsa miliri inayi isanakute dziko lonse. Lina ndi Gloomhaven, limene Isaac Childres wa ku America anatulutsa mu 2017. Mmenemo muli dziko lopeka la zilombo, mizukwa ndi achifwamba, nkhondo 95, ngwazi 17 zoti munthu asewere nazo, ndipo bokosi lake limalemera pafupifupi makilogalamu 10. Mu 2020 anatulutsanso laling'ono lotchedwa Jaws of the Lion, la ngwazi zinayi ndi nkhondo 25, kuti ongoyamba kumene asathawe kuchuluka kwa malamulo. Mwambo wakuti ngwazi yako izikula pang'onopang'ono kuchokera pa nkhondo ina kufika pa ina unazika mizu ndi sewero la Dungeons & Dragons la mu 1974.

Kuno kwathu mabokosi amenewa sapezeka wamba, poti ndi odula ndipo amachokera kunja. Laling'ono lija linafika pakhomo panga ndi mdzukulu wanga wina wogwira ntchito ku Johannesburg, amene analisiyira azing'ono ake ndi asuweni awo. Amasewerera pakhonde masana, ine ndili pa mpando wanga chapambali. Bwalo la nkhondo lili m'buku loyala patebulo, logawidwa timalo ta ngodya zisanu ndi imodzi ngati chisa cha njuchi. Aliyense ali ndi kachidole kake ndi makhadi ake. Pa ulendo uliwonse amasankha makhadi awiri mobisa, n'kugwiritsa ntchito theka lapamwamba la limodzi ndi theka lapansi la linalo. Makhadi ogwiritsidwa kale amaikidwa pambali. Kuti abwerere m'manja ngwazi iyenera kupuma, ndipo kupuma kulikonse kumadya khadi limodzi, losabwereranso mpaka nkhondoyo ithe. Makhadi akatha ndiye kuti ngwazi yatopa, imachoka pabwalo ngakhale ilibe bala ndi limodzi lomwe. M'seweroli munthu satha ndi mkondo wa mdani wokha. Amathanso ndi kumwaza kwake.

Ngwazi zinayizo sizifanana. Red Guard ndi wa chishango, woima kutsogolo n'kumalandira zikwapu zimene zikanagwera anzake. Hatchet amaponya nkhwangwa ali patali. Demolitionist ndi wamng'ono thupi koma amaphwanya zotchinga ndi kuvulaza oyandikana nazo. Wachinayi, Voidwarden, ntchito yake yaikulu ndi kulimbitsa anzake, kuwachiritsa ndi kusokoneza mitu ya adani. Tsiku loyamba anyamata analimbirana wa nkhwangwa, ndipo Voidwarden anagwera kamtsikana kamene kali kakang'ono pa onsewo. Sindinadabwe. Pa mpira wa m'fumbi wa m'komboni, kugoli amakankhirako wamng'ono. Chikhalirecho tonse tikukumbukira kuti mu 2012, Chipolopolo isanakanyamule chikho cha Africa ku Libreville, Kennedy Mweene anagwira penate ya Asamoah Gyan wa Ghana mu semifainolo, ndipo chigoli chimodzi cha Emmanuel Mayuka chinakwanira chifukwa kumbuyo kunali kotseka.

Pamene pagona nkhani ndi pakati pa nkhondo ina ndi inzake. Ngwazi ikasonkhanitsa mapointi 45 imakwera sitepe yachiwiri, ndipo mwini wake amapatsidwa makhadi awiri atsopano kuti atengepo limodzi lokha. Palinso sitolo yogulako nsapato, chisoti, chovala chachitsulo, chida kapena kabotolo ka mankhwala, ndi ndalama zimene ngwaziyo yatola pabwalo. Ndalamazo ndi zochepa nthawi zonse, ndipo lamulo silola kuti upatse mnzako zako. Pa nthawi imeneyi m'pamene khalidwe la wosewera limaonekera poyera.

Mnyamata wa nkhwangwa uja, atayala makhadi ake awiri, sanachedwe. Anandionetsa lija la nambala yaikulu, nkhope ili ngwee, amvekere: "Agogo, taonani mmene likumenyera ili!" Pakona pa khadilo panali kachizindikiro kosonyeza kuti mphamvu imeneyo ikagwiritsidwa kamodzi, khadi lapita mpaka nkhondo ithe. Kachizindikiroko anakaona, koma nambala inamuphimba maso. Pa nkhondo yotsatira anatulutsa khadilo m'chipinda choyamba, nagwetsa chilombo chimodzi, onse n'kuwomba m'manja. Anachitanso chimodzimodzi ndi makhadi ena awiri otayika. Pofika m'chipinda chotsiriza, mmene munali adani enieni, iye anali atatopa kale, kachidole kake kali pambali pa buku, manja ali lende. Anzake atatu analimbana mpaka nawonso anatha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Khadi linalo limene analisiya linali la nambala yocheperapo, koma lobwerera m'manja ukapuma, ndipo likanamenya kanayi kapena kasanu pa nkhondo imodzi.

Pali lamulo lina m'bukumo limene ana ambiri amalidumpha, ndipo ine ndimaliona kuti ndi lolemera kuposa onse. Mphamvu ya adani imene buku limalangiza imachokera pa masitepe a ngwazi zonse. Amapeza sitepe yapakati ya gulu, n'kuigawa pawiri. Ndiye kuti iwe ukakwera, zilombo zimatha kukwera nawe, ndipo sizikwerera iwe wekha, zimakwerera aliyense wa patebulopo. Walira mvula walira matope. Munthu wothamangira mapointi kuti akhale woyamba kukwera, kenaka n'kusankha khadi lomukomera yekha, wakulitsa mdani wa gulu lonse osawonjezera kanthu pa chitetezo cha gululo. Kukwera kwako kuli ndi mtengo, ndipo anzako amalipira nawo. N'chifukwa chake ali ndi ufulu wofunsa chimene wagula ndi kukwerako.

Wokonza seweroli anaikamo nyambo, ndipo ine ndikuona kuti anachita dala. Nkhondo isanayambe, aliyense amalandira kakhadi kachinsinsi kokhala ndi cholinga chakechake, ndipo akachikwaniritsa amapeza mphotho yothandiza ngwazi yake. Ndalama nazo zimagwa pansi pamene mdani wafera, ndipo wotola ndiye mwini wake. Choncho mnzako ali pakati pa adani atatu, magazi akutha, iwe maso ali pa kandalama kali pakona. Ukapite kukatola, kapena ukamuchinjirize? Ukatola uku, kachinsinsi kako kakukuitana uko, khadi latsopano nalo ukufuna ulionetse. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sindikunena kuti kutola ndalama n'kulakwa, pakuti ngwazi yosatola idzafika ku sitolo chimanjamanja n'kukhala mtolo kwa anzake. Ndikunena kuti pali nthawi yotola ndi nthawi yoima pambali pa mnzako, ndipo wosadziwa kusiyanitsa ziwirizi sanayambe kusewera, ngakhale atadziwa malamulo onse pamtima.

Tsono musanatenge khadi kapena kulowa m'sitolo, dzifunseni funso limodzi monga gulu: kodi ulendo watha uja chinatigonjetsa n'chiyani? Yankho lake kawirikawiri si kuchepa kwa nkhonya. Mwina munalephera kufika pakhomo nthawi isanathe, ndiye chofunika ndi nsapato. Mwina wa kutsogolo anagwa msanga, ndiye chofunika ndi chovala chachitsulo kapena khadi lochiritsa m'manja mwa munthu wachiwiri. Mwina makhadi anakutherani, ndiye kabotolo kotchipa kobweza khadi m'manja kaposa lupanga lodula. Zinthu zimenezi sizichititsa kaso, palibe amene amaziwombera m'manja, koma ndizo zimafikitsa gulu kuchipinda chotsiriza. Safunsa anadya phula, ndipo pa sewero lotere phulalo mumadya nonse.

Taonaninso kamulu ka makhadi a mwayi kamene ngwazi iliyonse imayamba nako. Muli makhadi 20: asanu ndi limodzi osasintha kanthu, asanu owonjezera 1, asanu ochotsa 1, limodzi lowonjezera 2, limodzi lochotsa 2, limodzi lochulukitsa nkhonya kawiri ndi limodzi loifafaniziratu. Pomenya mdani umatembenuza khadi limodzi la pamwamba. Mphotho zija zimakulola kusintha kamuluka, ndipo ana amathamangira kuikamo makhadi onyezimira. Wodekha amayamba wachotsamo ochotsa 1 aja, chifukwa kamulu kakachepa ndi kuyera, makhadi abwino amene alimo kale amatuluka pafupipafupi, ndipo anzako amatha kudalira nkhonya yako pokonza mapulani awo. Ngwazi yomenya bwino nthawi zonse ndi yothandiza gulu kuposa yomenya modabwitsa lero, mawa n'kuphonya. Kuchotsa chofooka nako ndi kukula, ngakhale kuti sikuoneka pa maso.

Ena amalakwira mbali inayo. Atamva kuti gulu likusowa zambiri, amafuna kukhala zonse: pang'ono chishango, pang'ono mankhwala, pang'ono nkhwangwa. Mapanga awiri avumbwitsa. Wa chishango akayamba kugula zida zoponyera patali, kutsogolo kumatsala kopanda munthu, ndipo pa kuponyako safikanso pa mwini ntchito. Gulu silikufuna anthu anayi ofanana, odziwa chilichonse mwa theka. Likufuna kuti aliyense akhwime pa ntchito yake, kenaka asunge khadi limodzi kapena awiri otsekera dzenje la mnzake tsiku loipa. Ndipo wosunga ndalama mpaka kalekale, kudikira chida chachikulu chimene sichinafike n'komwe m'sitolo, nayenso akumana anzake thandizo la lero. Osewera bawo amadziwa kuti nyumba yodzaza nkhomo ndi chuma, koma ukaisunga mopitirira muyeso mdani amaidya yonse kamodzi.

Ndisaiwale wolongolola. Patebulo lililonse pamakhala wina wodziwa malamulo kuposa anzake, ndipo posakhalitsa amayamba kusewerera onse: iwe tenga ili, iwe gula icho, iwe ima apa. Anzake amangotsala onyamula zidole. Pa nsolo yaikulu ya mizere inayi, imene tinkakumba pansi pa mtengo, amuna awiri kapena atatu ankatha kukhala mbali imodzi. Wina ankawerenga miyala ya kumanja, wina ya kumanzere, ndipo mikangano inalipo ndithu. Koma mwambo unali wakuti ulangize, unene chifukwa chake, kenaka usiye dzanja la mnzako ligwire miyala. Wolanda dzanja la mnzake ankapezeka tsiku lina ali yekha mbali yakeyo. Gloomhaven nayo ili ndi lamulo loletsa kutchula manambala enieni a makhadi amene wasankha. Ukhoza kunena kuti ndimenya msanga chilombo cha kumanjachi, koma osaulula zonse, ndipo zimenezi zimathandiza kuti mutu umodzi usalamulire manja a onse. Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Kamtsikana kaja, kamene anyamata sankakafunsa, ndiko kanayamba kuona kuti gulu limagwa nthawi zonse pamene wa chishango wathamangira kutsogolo kupitirira pamene mankhwala a wochiritsa angafike.

Pali chinthu chimodzi chimene anawa anadzachita, ndipo ndikufuna muchigwire kuposa zonse zimene ndanena. Wa chishango ndi wochiritsa sapeza mpata wotola ndalama, chifukwa wina ali pa zikwapu, wina ali kalikiliki kusamala anzake. Pamene oponya ali ndi matumba odzaza, awiriwa amafika ku sitolo alibe kanthu, ndipo lamulo silola kuwagawira. Choncho anagwirizana kuti mdani womaliza asamamuphe msanga ngati palibe choopsa, ndipo ndalama zapafupi azisiyire awiri aja kuti atole. Palibe tsamba la buku limene linawauza zimenezo. Anangoona kuti amene wasankha ntchito yosaoneka chifukwa cha gulu, gulu lili naye ngongole. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Nthawi yosankha yotereyi imafikanso m'nyumba zathu, ndipo kumeneko kulibe kuyambiranso. Kuyambira mu 2022 ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu, za CDF, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni dera lililonse, ndipo zakhala zikukwerabe zaka zotsatira. Gawo lina la ndalamazi limalipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja m'masukulu ovomerezeka ndi bungwe la TEVETA, ndipo mafomu amadutsa ku makomiti a chitukuko a m'mawadi. Kwa mwana wa m'komboni amene makolo ake sangakwanitse koleji, mwayi umenewu ndi waukulu, ndipo si wobwera chaka ndi chaka kwa munthu mmodzi. Ndikamacheza ndi anyamata za chimene akufuna kuphunzira, ambiri amatchula chinthu chimodzimodzi: kuyendetsa magalimoto akuluakulu kapena makina a ku migodi. Ntchitozo n'zabwino, ndipo amene adzazipeze adzadya bwino. Koma ndikafunsa kuti kwanu kuli kale ndani wodziwa chiyani, ndipo mumsewu mwanu anthu amasowa mmisiri wanji, amandiyang'ana modabwa. Funso limenelo sanalifunsepo.

Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa mowawa. Mvula itakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti chilala ndi ngozi yogwera dziko lonse. Madzi anatsika ku Kariba, ndipo miyezi ina magetsi ankangobwera maola atatu patsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Ndikudziwa makomo amene bambo ndi wowotcherera zitsulo, mwana wamkulu ali ndi kashopu kometera, wamkazi ali ndi saluni, mayi amagulitsa zozizira za mu firiji. Masiku abwino banja lotere linkaoneka lolimba, ndalama ikulowa makomo anayi. Magetsi atazima, makomo anayi onsewo anatsekeka tsiku limodzi. Owotcherera a ku Kalingalinga ndi ku Garden, amene mageti ndi mafelemu awo amadzaza m'mbali mwa msewu, ankagona pa ntchito kudikira moto wa usiku. Pamene khomo loyandikana ndi banja lija, lokhala ndi telala wa makina opalasa ndi phazi, kalipentala wogula matabwa ku Buseko n'kumapala ndi manja, kapena mnyamata wodziwa kulumikiza sola, linkapeza ya ndiwo. Sikuti iwowa anali anzeru kuposa anzawo. Maluso a m'nyumba mwawo sanali opachikidwa pa msomali umodzi.

Kolera wa mu 2023 ndi 2024 anaonetsa dzenje lina. Anthu oposa 700 anamwalira m'dziko muno, bwalo la National Heroes linasanduka chipatala, ndipo sukulu zimene zinayenera kutsegulidwa mu January zinatsegulidwa pa 12 February. Makomboni athu ano, Kanyama, George, Matero, ndiwo anali pamoto. Masiku amenewo anthu ofunika kwambiri anali okonza mipope yodontha, opopa zimbudzi zodzaza, omanga zimbudzi zosalowa madzi a mvula, ndi odzipereka amene ankayenda khomo ndi khomo ndi mankhwala a klorini. Ife a ku Chunga tikukhala moyandikana ndi malo otayira zinyalala za mzinda wonse komanso malo oyeretsera madzi oipa a m'mipope. Ntchito za ukhondo zili pakhomo pathu penipeni, ndipo sizidzatha chifukwa Lusaka akungokulirakulira. Komabe mwana akanena kuti akufuna kuphunzira za mipope ndi zimbudzi, anzake amamuseka, ndipo nthawi zina makolo ake omwe amachita manyazi. Manyazi amenewo ndi olakwika, ndipo ife akuluakulu ndife tiyenera kuyamba kuwataya.

Chilimba nacho n'chimodzimodzi. Mwezi wako wolandira ukafika, kapena tsiku logawana la banki ya m'mudzi kumapeto kwa chaka, ndalama imene sunaigwirepo pamodzi ili m'manja mwako. Ku Kamwala ndi ku City Market zonyezimira zikukuitana: foni yatsopano, wailesi yakanema yaikulu, mipando ya galasi. Sindidana ndi zinthu zabwino, munthu wogwira ntchito ayenera kukondwera ndi thukuta lake. Koma funso ndi lomwe lija: chaka chathachi chinatigwetsa n'chiyani pakhomo pano? Ngati ndi madzi, dramu kapena thanki ili patsogolo. Ngati ndi ngongole ya katapira imene imadya phindu la kantemba mwezi ndi mwezi, kuitseka ndiko kugula kopambana, ngakhale kuti anansi sadzaona katundu akutsika pa galimoto. Ndipo wodya chilimba n'kuchimwaza amavutika kusonkha miyezi yotsatira, anzake amene sanalandirebe n'kumalira. Pamenepanso kusankha kwa mmodzi kumalipiridwa ndi gulu.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti agogo akufuna ana azitaya maloto awo chifukwa cha banja. Ayi. Mwana wokakamizidwa ntchito imene mtima wake ukuikana amaisiya panjira, ndipo mwayi umatayika kawiri. Ngakhale pa sewero lija, wosewera ngwazi imene saikonda amasewera mogwa ulesi, ndipo bwino asinthane ndi mnzake. Chimene ndikupempha ndi chakuti kusankha kuzichitika maso ali pa anzako, ndiponso kuti amene wavomera kutseka dzenje asaiwalidwe. Tonse tikuwadziwa ana oyamba kubadwa, makamaka aakazi, amene anasiya sukulu n'kukakhala pa msika wa Soweto mbandakucha kuti azing'ono awo aphunzire. Azing'onowo lero ali m'maofesi, ndipo ena a iwo akabwera ku Chunga amangoimika galimoto pamsewu, kupereka moni pa windo. Limenelo ndi tchimo. Mlongo wako amene anaima kutsogolo n'kulandira zikwapu kuti iwe ufike kumene uliko, nthawi yake yotola inakwana kalekale. Mulipirire maphunziro amene anawasiya, muwonjezere mpamba, kapena phunzitsa mwana wake. Ana a pakhonde panga anazindikira zimenezi pa ndalama za pepala. Inu a ndalama zenizeni musalephere.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Inu osewera, ulendo wina ngwazi ikakwera sitepe, yalani makhadi onse awiri patebulo kuti aliyense awaone, muyambe kumva wamng'ono pa nonse, kenaka mwini khadi asankhe yekha. Inu amene mukudikira mafomu a maphunziro ku ofesi ya wadi, musalembe muli chiimire pa mzere potengera zimene walemba mnzanu wa kutsogolo. Pitani nayo fomuyo kunyumba, muitane amayi, atate, amalume ndi akulu anu, muwerenge maluso amene alipo kale pakhomopo ndi amene mumsewu mwanu mukusowa, ndipo mukatero mulembe. Ndipo inu makolo anzanga, mwana akabwera ndi fomu yotere, zimitsani wailesi mukhale naye pansi.